Kulera ana a anzathu pakhomo: kaphunzitsidwe koyambira pa mwana, osati pa bolodi

Mvula ikangokhazikika ku Thyolo ndi ku Mulanje, tiyi amaphuka mofulumira kuposa manja omuthyola, ndipo kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo amayi ambiri amatuluka m'nyumba kusanayere bwino. Ena akupita ku esiteti, ena ku kamunda kawo ka tiyi, ena akuthamangira kukapikula kabichi ndi tomato pa Bvumbwe kapena kukayala malonda pa Limbuli. Mwana wa zaka ziwiri, zitatu kapena zinayi sangapite nawo. Kale ankatsala ndi agogo ake kapena mkulu wake, koma lero mkuluyo ali kusukulu ndipo agogo nawonso ali pa ganyu. N'chifukwa chake pa Luchenza, pa Chitakale, pa boma la Thyolo ndi m'midzi yoyandikana ndi maesiteti mumapezeka amayi amene amalandira ana a anzawo pakhomo pawo. Anawo amakhala asanu, asanu ndi atatu, mwina khumi ndi awiri, pakhonde kapena pabalaza, makolo n'kumapereka kangachepe pakutha pa mwezi. Ana amawatcha anti, makolo amawatcha amadamu.

Malo otere si mkombaphala wa m'mudzi uja umakhala ndi komiti ndi alezi ongodzipereka, umene a boma amautcha CBCC. Sinso nazale ya yunifolomu ndi chikwangwani kumsewu. Ali pakatikati, ndipo nthawi zambiri mayi amayamba ntchitoyi popanda womulangiza. Ndiye amachita chimene aliyense akanachita. Amakumbukira m'mene iye anaphunzirira Sitandade 1, amagula kabolodi ndi choko, n'kukhazika ana pamzere. Kuchokera pamenepo ndi kuloweza basi: masiku a pasabata m'Chingerezi, miyezi yonse khumi ndi iwiri, manambala mpaka 20, zilembo mpaka Z, ndi kutchula dzina ndi zaka zako mokuwa, manja ali kumbuyo. Mwana akafika kunyumba n'kulakatula zonsezo, bambo ake amamwetulira, amvekere ndalama yanga ikugwira ntchito.

Makolowo sitingawanyoze, chifukwa chimene akufuna n'chakuti mwana wawo asadzavutike ngati iwo. Koma tayesani ichi. Mwana amene amawerenga mpaka 20 osapunthwa, muikireni zitsekerero za mabotolo patsogolo pake, mumuuze kuti, "Tandipatsako zitatu." Ambiri a zaka zitatu amangotapa dzanja lodzaza. Ena amaloza chitsekerero chimodzi kawiri kapena kudumpha china, pakamwa pakuthamanga, chala chikutsalira m'mbuyo. Mwanayo waloweza ndondomeko ya mawu, koma sanadziwe kuti nambala iliyonse imayenda ndi chinthu chimodzi, komanso kuti nambala imene watchula pomaliza ndiyo ikunena kuchuluka kwa zonse. Zinthu ziwirizi ndiwo maziko a masamu, ndipo sizilowera m'khutu mokha. Zimalowa pamene mwana akugawira anzake makapu a phala n'kuzindikira kuti wina watsala wopanda kapu.

Kaphunzitsidwe koyambira pa mwana n'kosavuta kukanena, kovuta kukachita. Mlezi sayamba ndi funso lakuti lero ndiwauza chiyani. Amayamba ndi kuyang'ana: mwana uyu akuchita chiyani, chamukopa n'chiyani, akutha ziti payekha, nanga ndi ziti zimene watsala pang'ono kuzitha? Akaona, amawonjezerapo phazi limodzi lokha. Katswiri wa ku Russia, Lev Vygotsky, yemwe anamwalira mu 1934, ndiye anafotokoza bwino mfundoyi. Pali zimene mwana amatha yekha, pali zimene sangathe ngakhale mutamuthandiza motani, ndipo pakati pa ziwirizi pali kampata ka zimene angathe wina akamugwirako dzanja pang'ono. Kuphunzira kumachitikira m'kampatako. Kubwereza zimene akudziwa kale kumamutopetsa, kumupatsa zomupitirira msinkhu kumamuphunzitsa kuti iye ndi mbuli.

Ena akamva za njirayi amati ndi zachizungu, za ana a mabwana. Mbiri yake ikunena zosiyana. Mu Januwale 1907 dokotala wa ku Italy, Maria Montessori, anatsegula nyumba yake yoyamba ya ana ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mumzinda wa Rome. Ana amene analandira anali a makolo amene ankalawirira ku ntchito n'kuwasiya akungoyendayenda m'midadada. Iye anakhala pansi n'kuwapenyetsetsa, ndipo anaona kuti ana amakhazikika mtima akapatsidwa ntchito yeniyeni yolingana ndi manja awo: kusesa, kuthira madzi osataya, kumanga mabatani, kukonza pa thebulo nthawi ya chakudya. Anawapangira mipando ndi mashelefu a msinkhu wawo kuti azitenga okha chimene akufuna n'kubwezera okha. Lero dzina lake limapachikidwa pa zipata za sukulu za fizi yokwera, koma zimene ankachita ndi zimene khomo lililonse la kwathu kuno lili nazo kale. Tsache lilipo, mbale zotsuka zilipo, nandolo wosenda alipo. Pa mbali imeneyi mlezi wa pakhomo ali ndi mwayi woposa mphunzitsi wa m'kalasi la makoma anayi.

Tinenenso chimene njirayi siili, chifukwa apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Si kulekerera. Mwana sasankha ngati asambe m'manja kapena ayi, ngati asewere pafupi ndi mbaula kapena ayi, ngati amenye mnzake kapena ayi. Malire amaika wamkulu, ndipo sasunthasuntha. Chimene mwana amasankha chili m'kati mwa malirewo: ayambe ndi dothi kapena madzi, amange nyumba kapena galimoto, ajambule mayi ake ndi miyendo itatu ngati wafuna. Mlezi wa njira imeneyi amagwira ntchito yambiri kuposa wa choko, kungoti yambiri ya ntchitoyo sioneka chifukwa imachitika ana asanafike komanso m'maso mwake.

Tione chitsanzo chimodzi mofatsa, poti zonse zagona m'tinthu ting'onoting'ono ngati timeneti. Mtsikana wa zaka zitatu wapeza beseni la madzi pafupi ndi thandala la mbale. Watenga kapu, akuthira madzi m'botolo, akukhuthula, akuthiranso. Wachita zimenezi kanthawi ndithu osatembenuka. Mlezi angathe kukuwa kuti, "Iwe, choka apo, ukunyowetsa diresi!" n'kumubweza pamzere. Angathenso kumusiya osalabadako, poti sakulira. Njira yachitatu ndi kunjuta pambali pake n'kuyamba wayang'ana osalankhula. Akaona kuti chamukopa mwanayo ndi kusefukira kwa madzi, amatchula chimene chikuchitika: "Eee, ladzaza. Taona, asefukira." Kenaka amaika pafupi botolo lina lalitali koma lowonda, n'kufunsa, "Nanga ili lilowa makapu angati?" Akatero amakhala chete. Kukhala chete kumeneku n'kovuta kwa ife akuluakulu, chifukwa timafuna kuyankha tokha, koma mwana wamng'ono amafuna kamphindi kuti funso lifike ndi kuti yankho lipangike. Werengani mumtima mpaka kasanu musanatsegulenso pakamwa. Mwana akalakwitsa, madzi omwewo amukonza popanda womukalipira. Mawa mlezi amabweretsa mwala, chitsononkho, tsamba ndi supuni, ndipo nkhani imasanduka ya zomira ndi zoyandama. M'masiku awiri mwanayo wagwira ndi manja ake mawu monga kudzaza, theka, kusefukira, kulemera, kupepuka, kumira, wawerenga makapu enieni, ndipo waphunzira kukhala pa chinthu chimodzi osadumphadumpha, luso limene adzalifune kwambiri ku pulayimale kuposa kutchula miyezi. Chenjezo lake ndi lakuti pa madzi mlezi sachokapo. Khanda loyamba kumene kuyenda limatha kumira m'ndowa ya madzi ochepa, ndipo silikuwa.

Chifukwa chimene kuyankhana kotere kuli kofunika chili mu ubongo. Akatswiri a pa yunivesite ya Harvard ku America amanena kuti m'zaka zoyambirira ubongo wa mwana umapanga tolumikizana ta timitsempha toposa 1 miliyoni pa sekondi iliyonse, ndipo tolumikizana timene timagwiritsidwa ntchito timalimba, tosagwiritsidwa ntchito timafota. Chimene chimatilimbitsa kwambiri ndi kupatsirana pakati pa mwana ndi wamkulu. Zili ngati nyimbo ya wotsogolera ndi ovomera, kungoti wotsogolera ndi mwanayo. Khanda likaloza nkhuku n'kunena "ku!", wamkulu amavomera: "Eya, nkhuku. Ikudya chiyani?" Khanda limayankha, wamkulu amavomeranso. Kuloweza kwa gulu kulibe kupatsirana kumeneku, chifukwa wolankhula ndi mmodzi ndipo mwana amene sakumva kanthu amangoyendetsa milomo pakati pa anzake.

Umboni wake ulipo, ndipo sunachokere kwa anthu olemera. Mu 1986 ndi 1987, mumzinda wa Kingston ku Jamaica, katswiri wa zaumoyo wa ana, Sally Grantham-McGregor, ndi anzake anatenga ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa iwo ankayenderedwa kunyumba kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri ndi alangizi a zaumoyo, amene ankaonetsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa ntchito zoseweretsa zopanga okha. Patapita zaka 20 ofufuza anawatsatira anawo atakula, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 zinaonetsa kuti amene ankayenderedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo opinimbira amene sanayenderedwe. Panalibe bolodi, panalibe kompyuta.

Ndiye za zipangizo tisatayepo nthawi yambiri. Zitsekerero, zitsononkho, makatoni a kugolosale, zigamba za kwa telala, dothi la pachulu, timitengo ta nsungwi tosalaza bwino, mabotolo apulasitiki, makala olembera, mchenga m'beseni lakale. Chofunika si kuchuluka kwake koma malo ake. Zikhale pansi, m'madengu kapena m'makatoni, chilichonse pamalo pake tsiku ndi tsiku, kuti mwana azitenga osapempha ndi kubwezera akamaliza. Kona imodzi ya khonde ikhale ya zomangamanga, ina ya masanje, mphasa ina ya mabuku ndi zithunzi, madzi ndi mchenga panja. Osatulutsa zonse tsiku limodzi; zina bisani, muzitulutse pakatha masabata awiri, zidzakhala zatsopano. Pamene pali ana osafika zaka zitatu, kanthu kalikonse kotha kulowa konse m'kamwa kakhale kutali: nyemba, nandolo wouma, mtedza, makadamiya, mikanda, ndalama zachitsulo, mabatire.

Masanje ndiwo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa timawapeputsa. Ana a kuno amasewera zimene amaona. Wina amamangirira kadengu kumsana n'kumathyola masamba a mpanda, wina amakhala kapitawo, wina amaima pa sikelo n'kumalemba. Ena amandandalika mipando n'kupanga minibasi, kondakitala akukuwa "Limbe! Limbe!", okwera akulipira masamba. M'seweroli mwana akuchita chinthu chachikulu. Tsamba likuimira ndalama, mpando ukuimira galimoto, ndipo kuvomereza kuti chinthu china chingaimire chinzake ndi khomo lolowera ku kuwerenga, pakuti chilembo nachonso chimaimira liwu. Komanso amene wavomera kukhala wokwera sangalumphe kukagwira chiwongolero. Akudzigwira yekha chifukwa sewero lili ndi malamulo ake, ndipo ana amamvera malamulo a masanje kuposa a akulu. Mlezi asalande sewerolo. Alowe ngati mlendo: "Akondakitala, pa Thyolo ndi zingati? Ndili ndi masamba asanu, chenji changa ndi chingati?" Akhoza kupachika ndodo ndi zitini ziwiri kuti sikelo ya masewera iziyenda zenizeni, ana aone okha mbali yolemera ikutsika. Ndipo mnyamata akafuna kubereka chidole kapena kuphika, mtsikana akafuna kuyendetsa kabaza, asiyeni. Palibe chimene chawonongeka.

Masewera omwewa ndi amene amatulutsa zili mumtima. Namondwe Freddy atagwetsa mapiri ndi kukokolola midzi ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma ena mu Malichi 2023, ana amene anaona zimenezo sakanatha kukhala pansi n'kufotokoza mantha awo ngati wamkulu. Mwana wotere amamanga nyumba yadothi n'kuithira madzi mpaka igwe, amangenso, aigwetsenso. Amayambanso kukodza pogona, kapena kukakamira nsalu ya mlezi mitambo ikangoda. Kumuletsa kuti usamasewere zoopsa sikuchotsa mantha. Chothandiza ndi kukhala naye pafupi, kutchula chimene akumva, "Unachita mantha eti, madzi atabwera," ndi kusunga ndondomeko ya tsiku yosasinthasintha kuti adziwe chimene chikubwera.

Nkhani ya chiyankhulo ndiyo imabweretsa mikangano ndi makolo. Boma linalengeza mu 2014 kuti Chingerezi chikhale chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, ndipo makolo ambiri amaona kuti mwana akachiyamba msanga ndiye wapulumuka. Komabe pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira, imene inayamba mu 2016, imaphunzitsa ana kuwerenga Chichewa pambali pa Chingerezi. Pali chifukwa chake. Chichewa chimalembedwa monga chimamvekera, ndipo mwana amene khutu lake lazolowera kudula mawu m'maphatikizo, na-na-zi, chi-na-ngwa, akuomba m'manja pa phatikizo lililonse, amagwira kuwerenga msanga. Luso limenelo amadzalinyamula popita ku Chingerezi. Mwana amaganiza, amafunsa ndi kutsutsa m'chiyankhulo chimene amalota nacho. Mukamuletsa chimenecho pa zaka zitatu, simunamupatse Chingerezi, mwangomutseka pakamwa. Ine ndimaona kuti Chingerezi chizilowa ngati mlendo wolandiridwa bwino, m'masewera, m'mayina a zinthu zimene mwana wagwira m'manja, koma nkhani zikuluzikulu za tsikulo ziziyenda m'Chichewa. Ndipo mwana amene wabwera ndi mawu a Chilomwe a kwa agogo ake asasekedwe. Afunsidwe kuti awaphunzitse anzake.

Chuma cha chiyankhulo tili nacho chambiri. Nthano, ndagi, nyimbo za pamtondo ndi zotonthoza mwana, zonsezi ndi zida. Kusiyana kwake ndi kanenedwe. Pokamba nthano imani pakati n'kufunsa, "Mukuganiza kuti Kalulu atani tsopano?" Funso lokhala ndi yankho limodzi, monga ili ndi tsamba la mtundu wanji, limatha ndi liwu limodzi. Funso lakuti n'chifukwa chiyani, zikanakhala bwanji, unapanga bwanji, limatulutsa chiganizo chathunthu. Tsiku lina mwana ndiye akambe nthano, inu muvomere kuti tili tonse, ngakhale nthanoyo ikhale yopanda mutu. Akajambula, musamufunse kuti ichi n'chiyani ngati mukumuyesa mayeso; nenani kuti, "Tandiuza za chithunzi chakochi," ndipo lembani mawu ake m'munsi iye akuona. Pamenepo amazindikira kuti zimene walankhula zingathe kugona papepala n'kudzukanso mawa.

Za pensulo ndi kope musafulumire. Minofu ya zala za mwana wa zaka zitatu sinakhwime kuti adzaze tsamba ndi zilembo zoongoka pakati pa mizere. Imakhwima poumba dothi, posenda nandolo wamuwisi, pong'amba mapepala, potunga zitsekerero zoboola pachingwe, pojambula pamchenga ndi chala kapena pasimenti ndi khala. Chilembo choyamba chimene mwana amachikonda ndi choyambira dzina lake. Yambirani pamenepo, osati pa A.

Pakhomo ana amakhala osakanikirana misinkhu, ndipo ichi ambiri amachiona ngati vuto pamene ndi mphatso. Wa zaka ziwiri amaphunzira mawu kwa wa zaka zisanu mofulumira kuposa kwa wamkulu, ndipo wa zaka zisanuyo akamafotokozera mng'ono wake kaponyedwe ka phada amakhwimitsa nzeru zake zomwe. Chosayenera ndi kusandutsa mtsikana wamkuluyo kukhala wantchito wobereka makanda tsiku lonse. Nayenso wabwera kudzasewera. Pa za makanda omwewa, malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a 2019 amati mwana wosafika zaka zisanu asamangidwe malo amodzi kupitirira ola limodzi nthawi imodzi, ndipo amatchula ngakhale kumsana. Kubereka n'kwabwino, kumatonthoza, koma khanda lifunikanso kutsika pamphasa, ligone chafufumimba lili maso kwa mphindi 30 pa tsiku ngati silinayambe kukwawa, lizigwiragwira zinthu. Malangizo omwewo amati ana a chaka chimodzi mpaka zinayi azisewera moyendetsa thupi kwa mphindi 180 pa tsiku, kuti osafika zaka ziwiri asaikidwe pa TV kapena foni, ndipo a zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi. Chiperoni chikagwa sabata yathunthu, chiyeso chotsegula makatuni chimakula. Sunthani mipando, avine, adumphe zingwe pabalaza pomwepo.

Mwana wanjala sasankha chosewera, amangokhala. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Ndiye phala si chokopera ana chabe. Likhale lothira nsinjiro kapena soya, mwina masamba osinja, ndipo nyengo ya mapeyala, nthochi ndi nanazi, zimene kuno sizisowa ngati kwina, gwirizanani ndi makolo kuti azibweretsa mosinthana. Nthawi ya chakudya nayonso ndi phunziro. Ana ayale okha mphasa, awerenge makapu, adye okha ngakhale adzipake, mlezi akhale nawo pansi azicheza. Asanadye komanso pochoka kuchimbudzi, onse pa mpondagiya ndi sopo. Amene anaona kolera wa 2022 ndi 2023 safuna kuuzidwa kawiri.

Pa za mwambo, kamtengo kokwapulira kamene kamakhala pawindo kamagwira ntchito msanga, ndipo n'chifukwa chake n'kovuta kukasiya. Koma chimene kamaphunzitsa ndi kuopa mlezi, osati kudzigwira, ndipo mwana wamantha safunsa mafunso. Zovuta zambiri zimachepa zokha ana akasiya kukhazikidwa pamzere nthawi yaitali kuposa imene matupi awo angapirire. Zotsalazo zimafuna kuleza mtima. Awiri akalimbirana galimoto yamawaya, njutani, igwireni inuyo galimotoyo, munene chimene mwaona: "Nonse mukuifuna. Titani?" Poyamba sadzayankha zanzeru, koma pakapita miyezi mudzamva wina akuuza mnzake kuti ukamaliza undipatse. Woluma anzake nthawi zambiri amakhala amene mawu sanamufikire. Mumuletse mwamphamvu ndi mwachidule, musamale wolumidwayo, kenaka mumupatse woluma uja mawu oti azinena. Woti wakana kusiya masewera muchenjezeni nthawi isanakwane, ndipo mumupatse zosankha ziwiri zimene zonse inu mwavomereza: utolera zitsekerero kapena upinda mphasa?

Popeza zonse zimayambira pa kuyang'ana, mlezi akhale ndi kope limodzi, mwana aliyense masamba ake. Mizere iwiri pa sabata ndi yokwanira: lero wadumpha ndi miyendo yonse iwiri, wagawa zitsekerero zofiira pazokha, walira mayi ake atachoka koma watonthola msanga. Kopelo ndilo limauza mlezi chokonzekera sabata yamawa. Ndilonso limaonetsa msanga mwana amene akutsalira. Amene wafika chaka ndi theka asanayambe kuyenda, amene wakwana zaka ziwiri osaphatikiza mawu awiri, amene satembenuka mukamuitana chakumbuyo, makolo ake alangizidwe mwaulemu kuti akaonane ndi alangizi a zaumoyo ku sikelo. Mlezi si dokotala, asatchule matenda. Mwana wolumala asabwezedwe pakhomo. Njira yoyambira pa mwana ndiyo imamukwana bwino, poti aliyense amayenda pa liwiro lake. Mukaona zipsera zosamveka bwino kapena zizindikiro za nkhanza, pali ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma, komanso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.

Tsopano ku makolo, kumene nkhani yonseyi imaimira kapena kugwera. Kuyambira mu 2011, boma mothandizidwa ndi World Bank linachita kafukufuku m'sukulu za mkombaphala 199 m'maboma anayi, ndipo Thyolo inali imodzi mwa iwo pamodzi ndi Balaka, Dedza ndi Nkhata Bay. Sukulu zonse zinalandira zoseweretsa. Kwina alezi anaphunzitsidwa, kwina anaphunzitsidwa n'kumalandiranso kandalama, ndipo kwina, kuwonjezera pa kuphunzitsa alezi, makolo nawo ankasonkhana kuphunzira kusewera ndi kucheza ndi ana kunyumba. Patatha miyezi 18, alezi ophunzitsidwa ankagwiradi ntchito bwino kuposa kale, koma ana amene anaonetsa kupita patsogolo pa chiyankhulo ndi kakhalidwe ndi anzawo anali a gulu limene makolo anaphunzitsidwa nawo. Patatha miyezi 36 kusiyanako sikunaonekenso. Zotsatirazi sizokoma kumva, ndipo siziyenera kubisidwa. Zikutiuza kuti kuphunzitsa mlezi yekha sikukwanira, komanso kuti zimene mwana wapeza zingazilale ngati palibe wozipitiriza.

Apa mlezi wa pakhomo ali ndi chimene pulojekiti yaikulu imachisowa: amakumana ndi kholo lililonse kawiri pa tsiku pakhomo pake, ndipo ambiri ndi anansi, a mpingo umodzi, a banki m'khonde imodzi. Mayi akabwera madzulo atatopa, musamuuze za Vygotsky. Muonetseni ng'ombe yadothi imene mwana wake waumba, munene kuti, "Amake mwana, lero wawerenga yekha miyendo yake, wapeza inayi. Pobwerera mumufunse za miyendo ya nkhuku." Ndi homuweki yokwanira, ndipo siifuna kandulo. Bambo amene akudandaula kuti ana akungosewera muwaitane akhale nawo theka la ola Loweruka, aone okha. Ena sadzakhutira ndipo adzasamutsira mwana kumene kuli bolodi lalikulu. Zimenezo zimachitika, ndipo kwa munthu amene akudalira ndalama imeneyo n'zopweteka. Palibe cholakwika kukhala ndi mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu za pamodzi m'mawa, za nyimbo, moni ndi mawu angapo a Chingerezi, kuti makolo amve kanthu kunyumba. Vuto ndi pamene mphindi zimenezo zadya m'mawa wonse.

Mlezi asagwirenso ntchitoyi mobisala. Dziko lino lili ndi ndondomeko ya maphunziro a mmera mpoyamba kuyambira 2003, imene inakonzedwanso mu 2017, ndipo ntchitoyi imayang'aniridwa ndi unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu kudzera m'maofesi ake a pa boma. Kukadziwonetsa kumeneko n'kumene kungatsegule mwayi wa maphunziro a alezi, monga amene limapereka bungwe loona za maphunziro a mmera mpoyamba la AECDM la ku Blantyre, komanso kumateteza mleziyo tsiku limene mwana wavulala m'manja mwake.

Chomaliza ndi chiwerengero, ndipo apa ndalama ndi ubwino wa ana zimakokerana mbali zosiyana. Mwana aliyense wowonjezera ndi ndalama yowonjezera, makamaka miyezi ya tiyi pamene opempha malo amachuluka. Koma zonse tafotokozazi zimadalira maso ndi makutu a munthu mmodzi. Makanda awiri osayenda amadya kale manja onse awiri. Ana akapitirira pamene mlezi angathe kunjuta pambali pa aliyense kamodzi pa tsiku, amabwerera ku mzere ndi kukuwa, osati chifukwa sadziwa, koma chifukwa palibenso njira ina yogwirira gulu lotere. Zikafika pamenepo apeze womuthandiza wamkulu, amulipire kuchokera pa ndalama ya ana owonjezerawo, kapena auze kholo lotsatira kuti malo adzapezeka teremu yamawa.